Ubweya wa Juzi ya Himani

Himani ankafuna juzi yatsopano. Juzi yake inali itathina. Amayi anali atasunga ubweya wa nkhosa m'dengu. Koma nthawi yolukira analibe.

Tsiku lina m'mawa anali kumunda. Amayi ankakumba mbatatesi. Himani ankatola. Chisanu chinali pafupi. Mudzi wonse wa Mana unkakonzeka kuchoka kumapiri n'kutsikira kuchigwa kofunda.

Azakhali ake, a Jamuna, anafika akuthamanga.

"Mlamu, ubweya watithera!"

"Ubweya wa chiyaninso?" anafunsa amayi.

"Wa bulangete la kukachisi. Langotsala pang'ono."

Bulangete limeneli amaluka ndi atsikana a m'mudzi. Amaliluka tsiku limodzi basi. Ansembe amalinyika m'batala. Amafunditsa nalo chifaniziro cha mulungu wawo, Ambuye Vishinu. Kenako amatseka kachisi miyezi isanu ndi umodzi. Tsiku lotseka linali mawa lake.

"Chaka chonsechi munali kuti?" anatero amayi. Sanasiye kukumba.

Himani anayang'ana juzi yake. Mikono inkalekera m'zigongono. Anatola mbatatesi imodzi. Anatola ina.

"Amayi, m'dengu muja muli ubweya."

"Umene uja ndi wa juzi yako."

"Ndikudziwa."

"Ndiye uvala chiyani? Masamba a kabichi?"

"Ife tikupita kofunda," anatero Himani. "Ambuye Vishinu atsala okha m'chisanu."

Amayi anaimika khasu. Anapukuta m'manja.

"Usadzandilirire m'njira, wamva? Thamanga, katenge."

Himani anathamanga. Anatenga dengu. Anapita nalo kwa atsikana aja.

"Kamwanaka katipulumutsa!" anatero wamkulu wawo. "Khala apa. Uzikulunga ulusi."

Atsikana anapota. Himani anakulunga. Atsikana analuka. Himani anakulungabe. Zala zinazizira, koma sanasiye. Dzuwa litapendeka, bulangete linatha. Azakhali analipinda bwinobwino. Ananyamuka nalo kupita kukachisi.

Himani anabwerera kumunda. M'dengu munalibe kanthu. Mphepo inkamulowa m'mikono.

"Tabwera kuno," anatero amayi.

Anamuveka juzi yakale ya abambo. Inafika m'maondo. Manja sankaoneka n'komwe. Himani anakupiza mikono ngati khwangwala. Anaseka.

"Taima bwino, iwe."

Amayi anapinda mkono umodzi katatu. Anapinda winawo katatu.

"Wafunda?"

"Ndafunda, amayi."

"Chabwino. Tola mbatatesizo. Yatsala mizere inayi."

Amayi ananyamula khasu. Himani anawerama n'kuyamba kutola.