Zipinda za Loya Namakhwa

Blasius Namakhwa anali loya, koma wa nsapato zong'ambika. Ofesi yake ku Balaka inali kachipinda kuseri kwa chigayo, ndipo milandu ya mbuzi ndi malire a minda imene ankagwira, yambiri ankagonja. Anzake a kusukulu ankamudutsa pa galimoto iye akudikira minibasi.

Njiru itamukwana, anapita kwa Kawinga, kwa sing'anga wina, a Wadson, munthu wolankhula motsitsa ngati ali m'tchalitchi.

"Milandu muzipambana yonse," anatero sing'angayo. "Koma mumange nyumba, ndipo musadzaleke kuiwonjezera. Chipinda chatsopano chikatha, ayambe kugonamo ndi wamagazi anu."

"Akagonamo, kenako?"

"Ndinu loya. Funso limene yankho lake simukulifuna mumafunsa?"

Blasius anafunsa ngati mtima sudzamuwawa.

"Iyayi. Mtimawo muusiya konkuno."

Anamutemera mphini kunsi kwa lilime.

Kuyambira pamenepo, akatsegula pakamwa m'khoti, mboni zinkasokonezeka. Anthu olemera anayamba kumufuna, ndipo pa Phalula, m'mbali mwa msewu waukulu, panadzuka nyumba yosanja ya zipilala zoyera.

Woyamba kugonamo anali mlongo wake, Luckness. Anadzuka mutu ukuwawa, ndipo chimanga chisanakhwime anamuika m'manda. Anatsatira amalume ake. Kenako mwana wa Blasius yemwe, Kevin, amene anasankha yekha chipinda cha zenera lalikulu. Pa maliro a mwanayo Blasius anangoima, maso ouma, akuganiza kuti matabwa a bokosilo akanakhala bwino pa zitseko.

Mkazi wake, Martina, atamufunsa za imfazo, Blasius anamuuza zonse mosabisa, mawu ake osanjenjemera. Martina sanalire pamaso pake. Anatenga mwana wamkazi amene anatsala n'kuwoloka kupita kwa abale ake ku Mozambique. Achibale enanso analeka kubwera.

Amisiri atamaliza chipinda chapamwamba, panalibe woti amuitane. Blasius anakagonamo yekha, osati chifukwa cholapa, koma chifukwa lamulo linali lamulo. M'mawa anatsika atavala mkanjo wake wakuda wa kukhoti, milomo ikugwedera koma mawu osatuluka. Ankakhala pakhonde tsiku lonse akuloza mipando yopanda anthu, mpaka tsiku limene anamupeza atauma.

Nyumbayo ilipobe, mbali ina yopanda denga. Mvula ikagwa, amayi ogulitsa tomato pamsewupo amalolera kunyowa kusiyana n'kukausa pakhonde lake.

Chuma chobwera ndi zizimba sichikhuta. Chikatha abale, chimadya mwini wake.