Gladson Agwa Dala

Gladson ndi mnyamata wa ku Nsaru. Amakonda mpira kuposa zitumbuwa. Koma anali asanagoletsepo chigoli. Ngakhale chimodzi.

Loweruka kunali mpira. Ana a Sande sukulu a ku Nsaru ankasewera ndi a ku Kabudula. Woyimbira mpira anali a Dyson, bambo ake a Gladson. A Dyson ndi mkulu wa mpingo. Anthu amawakhulupirira.

Mpira unayamba. Gladson anathamanga. Anathamanga mpaka thukuta kamukamu. Chigoli osaoneka.

Kenako mpira unamupeza pafupi ndi golo. Kumbuyo kwake kunali Nowa wa ku Kabudula. Nowa sanamugunde. Sanamukhudze n'komwe.

Koma Gladson anadzigwetsa dala. Anagubuduzika ngati nkhuku yosamba fumbi. Anagwira bondo.

"Mayo ine, mwendo wanga!" analira Gladson.

Bodza lokhalokha. Mwendowo unali bwinobwino.

A Dyson anali patali. Sanaone bwino. Anaimba wezulo.

"Penate," anatero.

"Sindinamugunde, bambo," anatero Nowa. Misozi inalengeza m'maso mwake.

Anthu a ku Kabudula anakwiya.

"Akukondera mwana wawo," anatero bambo wina.

"Alandeni wezuloyo," anatero wina.

"Mkulu wa mpingo amatero eti?" anafunsa mayi wina.

 A Dyson anangozyolika.

Gladson anaika mpira pansi kuti amenye penate. Golo linali pafupi. Chigoli chija chinali pafupi. Koma mwendo unalemera.

Anayang'ana Nowa. Nowa ankalira. Anayang'ana bambo ake. Bambo ake ankanyozedwa. Ankanyozedwa chifukwa cha bodza lake.

Manyazi anamugwira Gladson. Anamugwira kumaso. Anamugwira mumtima.

Anatola mpira uja. Anapita kwa bambo ake pang'onopang'ono.

"Bambo, ndinagwa dala," ananong'ona.

"Kweza mawu, mwana wanga," anatero a Dyson.

Ha, zinali zovuta.  Koma Gladson anakweza mawu.

"Nowa sanandigunde. Ndinagwa dala. Bambo anga sanakondere. Ndawanamiza ndine."



A Dyson anapisa m'thumba. Anatulutsa kadi yachikasu. Anaikweza m'mwamba, pamaso pa mwana wawo.

"Penate palibe," anatero. "Wogwa dala amalandira kadi."

Ana ena anaseka. Gladson anayang'ana pansi. Akanatha, akanalowa m'dzenje la mbewa.

"Pepa, Nowa," anatero.

A Dyson nawonso anapita kwa Nowa.

"Pepa, mwana wanga," anatero. "Ndinaimba wezulo ndisanaone bwino. Inenso ndalakwa."

Nowa anapukuta misozi. Anagwira dzanja la Gladson. Mayi uja anayamba kuwomba m'manja. Ena anatsatira. Wezulo ija palibenso anaifuna.

Mpira unapitirira. Gladson anathamanganso. Ulendo uno sanagwe. Chigoli sichinabwerebe.

Mpira utatha, Gladson anakwera njinga ya bambo ake. Anakhala pakaliyala. Anadutsa msika. Anadutsa chigayo. Manyazi anali asanathe.

"Bambo, kodi mwandikwiyira?" anafunsa Gladson.

"Ndinakwiya," anayankha a Dyson. "Unandichititsa manyazi."



"Koma manyaziwo unawachotsa wekha," anatero a Dyson. "Mayi ako akamve zonse. Za kugwa akamve. Za kunena zoona akamvenso."

Mtima wa Gladson unakhala pansi.

"Tsono gwiritsa," anatero a Dyson. "Kutsogoloku kuli maenje. Ukagwa apa, ugwa zenizeni."

Gladson anaseka. Anagwira bambo ake m'chiuno mwamphamvu, mpaka kufika kunyumba.