Ndodo Yofika Pachipumi

Lachitatu m'mawa, tsiku la msika, Telmo anatsika masitepe a nyumba yawo akuyenda ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene. Anali atavala jombo za bambo ake, zomwe iwo anazisiya popita kukagwira ntchito ku France. M'jombo iliyonse anali atayalamo zotsekera mabotolo a vinyo, zoduladula bwinobwino, pamwamba pake n'kuikapo masokosi opinda. Mapazi ankapweteka ndithu, koma dziko ankaliona ali pamwamba pang'ono, ndipo kwa iye zimenezo zinali zokwanira.

Ivone, mlongo wake wamkulu, ankayanika zovala pakhonde. Anayang'ana jombozo, n'kuyang'ana kumwamba komwe kunalibe ngakhale kamtambo.

"Ukupita kumsika kapena kukhola?"

"Mvula ikhoza kugwa," anatero Telmo osatembenuka, poti kutembenuka kukanamugwetsa.

Mudzi wa Vilarinho, monga midzi ina ya kumpoto kwa Portugal, unali ndi gulu lake la masewera a ndodo. Chaka chilichonse pa chikondwerero cha Bento Woyera, Misa ikatha, gululo linkasewera pabwalo la tchalitchi. Poyamba onse ankazunguza ndodo pamodzi ataima m'mizere. Kenako achinyamata awiri okha ankalowa pakati kukalimbana, mudzi wonse ukuonerera. Chaka chimenecho Ivone anali atasankhidwa kale. Wolimbana naye ankayenera kukhala Telmo kapena Hélder, mnyamata wamtali ngati mlongoti. A Mestre Amadeu, mphunzitsi wa gululo, anali atanena kuti adzasankha Loweruka, ndipo aliyense adzabwere ndi ndodo yakeyake chifukwa za gulu zinali zitatha ntchito.

Vuto linagona pa kayezedwe. Ndodo ya masewerawa imayezedwa pathupi la mwiniwake: imaima pansi n'kulekezera pakamwa. Choncho ndodo zikatsamiritsidwa kukhoma, aliyense amadziwa kuti iyi ndi ya uje. Imene Telmo ankabwereka inali yofupikitsitsa pa zonse. Hélder ankaitchula kuti mthiko, ndipo kwa Telmo mwiniyo anapereka dzina loti Kachitsa. Dzinalo linali litamera mizu moti ngakhale ana aang'ono ankalidziwa.

Kumsika anapita molunjika kwa mayi Gracinda, omwe ankagulitsa madengu, mipini ya makasu ndi ndodo. Anawapeza akukangana ndi mayi wogulitsa tchizi za mkamwini wa munthu wina, ndipo mkanganowo sanausiye chifukwa cha iye.

"Mwana wa a Lurdes uja? Sankha, mwanawe. Za mtengo wa lodau ndi izo. N'zopepuka, zimapindika osathyoka. Anzako onse atenga zomwezo."

Telmo ananyamula imodzi, n'kuibweza msanga ngati yamunyoza.

"Ine ndikufuna yolemera, amayi. Yoti manja alimbe."

Kumbuyo kwa madengu kunali ndodo za mtengo wa thundu, zonenepa, zakuda bii. Anakoka imodzi ndi manja awiri. Mtima wake unakondwa pomwepo, ngakhale mapewa sanavomereze.

"Zimenezo amagula ndi oweta ng'ombe," anatero mayi Gracinda. "Koma ndalama ndi zako, mapewa ndi ako. Ima apa ndikuyeze."

Telmo anaima. M'kati mwa jombomo ananyang'ama, n'kukweza chibwano ngati tambala amene akumeza madzi. Mayi Gracinda anatsamiritsa ndodoyo pamilomo yake, maso ali kwa mnzawo wa tchizi, n'kulemba mzere ndi choko. Atayang'ana pomwe mzerewo unagwera, anakweza nsidze.

"Iwe, pa Pasaka pomwepa unali kundifika paphewa. Amayi ako akukudyetsa chiyani?"

"Supu wa kabichi basi."

"Ndikamuuze mdzukulu wanga. Iye kabichi amamulavula."

Anaidula pamzerepo, n'kuzokota chilembo T ndi mpeni kumunsi kwake, monga amachitira ndi ndodo iliyonse ikapeza mwini. Tsopano inali yosabwezeka. Telmo anabwerera kwawo ataisenza paphewa, akudutsira dala pakati pa msika. Anapunthwa kawiri, koma kawiri konseko ndodoyo inamuchirikiza, ndipo iye anati chimenecho ndi chizindikiro chabwino.

Masana omwewo anayamba kulimbitsa manja kuseri kwa nyumba, pansi pa chisakasa cha mphesa. Atangoizunguza koyamba pamwamba pa mutu, mphesa zosapsa zinayoyoka ngati matalala. Anazikankhira pansi pa benchi ndi phazi, n'kusamukira kudimba. Kumeneko kunalibe chisakasa, koma kunali kabichi wa amayi ake, wamtali uja wofika m'chiuno. Ndodoyo ikayamba ulendo sinkamva zoti iime. Inkamukoka mwiniwake, n'kumuzunguza, n'kukathera komwe yafuna yokha.

A Lurdes atatuluka anapeza mzere wathunthu wa kabichi uli wopanda mitu. Anaima manja ali m'chiuno kwa kanthawi.

"Wakolola," anatero. "Chabwino. Udya."

Anadyadi supu wa kabichi masana ndi madzulo. Telmo sanafooke. Tsiku lotsatira anakasewerera m'munda wa chimanga womwe unali utakololedwa kale, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mikono ikatentha, iye ankati ndiyo mphamvu ikulowa. Ikachita dzanzi, ankati mphamvuyo yakhazikika.

Lachisanu pachakudya chamadzulo, mkono unakaniratu. Akati akweze supuni, inkafika pachifuwa n'kuyamba kunjenjemera, supu wina n'kubwerera m'mbale, wina pamalaya. Pamapeto pake anaweramitsa mutu kuti pakamwa papite komwe kunali supuni.

"Galu wa aneba athu a Delfim amadya chomwecho," anatero Ivone, akunyema buledi wa chimanga. "Tandionetsa ndodo yakoyo."

"Udzaiona mawa."

"Waibisiranji pansi pa bedi? Imaluma?"

"Udzaiona mawa, ndatero."

Ivone anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anamusunthira mbale pafupi.

Loweruka gulu linakumana m'holo ya parishi, momwe oimba a bandi ankasungiramonso zipangizo zawo pakona. M'holomo munthu sankalowa ndi jombo. Aliyense ankavala nsapato zansalu zopanda chidendene. Telmo lamuloli ankalidziwa kuyambira kale, kungoti pa Lachitatu paja analiika kutali ndi maganizo ake, monga munthu amachitira ndi tsiku lokazula dzino.

A Mestre Amadeu anali munthu wamfupi, wonenepa pang'ono, woyankhula motsitsa mawu moti anthu ankasiya phokoso kuti amve. Anayenda mumzere manja ali kumbuyo, aliyense ataimika ndodo patsogolo pake. Telmo yake anaipendeketsa ngati munthu amene akungopuma.

"Iimike, Telmo."

Anaiimika. Ndodoyo inadutsa pakamwa, inadutsa mphuno, n'kukalekezera pakati pa chipumi. Telmo ankaona aphunzitsi ake ndi diso limodzi mbali iyi, lina mbali inayo.

Hélder anatsokomola.

"A Mestre, musamudzudzule. Anamuchapa ndi madzi otentha, ndiye wafupika."

Anyamata anaseka mpaka ena kutsamira ndodo zawo. A Mestre sanaseke. Anainyamula ndodoyo, kuiyesa kulemera kwake m'dzanja, n'kuyang'ana chilembo chija.

"Mwini wake wa ndodoyi abwera nthawi yanji?"

"Ndi yanga, a Mestre."

"Ndi yako." Anamubwezera. "Chabwino. Tione. Ivone, pang'onopang'ono."

Ena anatsamira kukhoma. Ivone analowa pakati, n'kuyamba ndi kumenya kochokera pamwamba, kosavuta, komwe Telmo ankakutchinga ngakhale ali m'tulo. Lero mikono inanyamuka mochedwa ngati nkhalamba yodzuka pampando. Anatchinga, koma movutikira. Kachiwiri anatchinga ndi mwayi chabe. Atamva kuseka kwa Hélder kumbuyo, anaganiza zothetsa nkhani ndi kumenya kochokera pansi, kuja ndodo imadutsa pafupi ndi bondo n'kukwera. Kumeneko ndiko ankakudziwa bwino kuposa aliyense pagululo.

Ndodo yofika pakamwa imadutsa bwinobwino pamenepo. Iyi inakhoma pansi. Kugunda kwake kunamuyenda m'mikono mpaka m'mano, zala zinatseguka zokha, ndodo n'kuuluka. Inatsetsereka holo yonse, n'kukagunda ng'oma yaikulu ya bandi pakona paja. Ng'omayo inalira kamodzi, mozama, ngati ikulengeza maliro a munthu wolemera.

Panalibe woseka. Ndodo ya Ivone inali itayamba kale kutsika, ndipo inaima mpata wa chala chimodzi kuchokera pakhutu la Telmo. Mphepo yake anaimva patsaya. Ivone anaitsitsa pang'onopang'ono.

"Ndikanakuphwanya mutu," anatero motsitsa mawu. "Ukumva? Ndikanakawauza chiyani amayi?"

Chiyambireni Telmo anali asanaonepo mlongo wake ali ndi mantha.

Hélder analowa m'malo mwake. Anasewera bwino, mosadzionetsera kwenikweni, ndipo aliyense anadziwa yankho a Mestre asanalinene.

"Wolimbana ndi Ivone ndi Hélder. Ena nonse m'mizere." Anatembenukira kwa Telmo. "Iwe ndi ndodo imeneyo sungaime pafupi ndi mwana wa munthu. Ikakupulumuka pabwalo paja ikagwera mwa anthu."

Khomo linali pafupi. Telmo analiyang'ana. Akanatha kutola ndodo yake n'kupita, pa chikondwerero n'kudzanena kuti mutu ukumupweteka. Anapita kukona kuja, n'kuitola. Anaima nayo pamenepo atafulatira anzake, akuyang'ana ng'oma. Kenako anabwerera.

"A Mestre, kodi muno muli sowo?"

Sowo inapezeka m'kabati ya okonza mipando. Telmo anavula nsapato, n'kuima pakati pa holo ndi masokosi okha, zidendene zili pansi, chibwano chili pomwe chimakhala. Anapatsa Ivone choko.

"Lemba."

"Pakamwa penipeni?"

"Penipeni."

Ivone analemba mzere. Pakati pa mzerewo ndi nsonga ya ndodo panatsala mpata woposa chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo gulu lonse linauona. Telmo anagoneka ndodoyo pampando, n'kuyamba kucheka. Thundu ndi mtengo wouma mtima, ndipo mikono yake inali ngati ya munthu wina. Sowo inkalumpha, ndodo inkagubuduka. Thukuta linkadontha pampando. A Mestre anangopinda manja, ndipo pamene mtsikana wina anafuna kuthandiza, anamuletsa ndi maso.

Amene anasuntha anali Hélder. Anabwera mwaulesi ngati akungodutsa, n'kugwira mbali ina ya ndodoyo kuti isagubuduke. Chidutswa chitagwa pansi, anainyamula ndodo yotsalayo, pakamwa pali kale nthabwala. Anaizunguza kamodzi, n'kuitsitsa msanga.

"Iwe Kachitsa, wakhala ukuzunguza chimtengo chimenechi kuyambira Lachitatu?"

"Eya."

"Ndiwe wamisala," anatero Hélder, koma anaibweza ndi manja awiri.

Telmo anaiimika patsogolo pake. Inalekezera pakamwa. A Mestre anabwera, kuyang'ana, n'kugwedeza mutu.

"Tsopano mwini wake wafika. Zolimbana ndi Ivone chaka chino zapita, usazifunsenso. Iyi uzilimbitsira manja kwanu, pang'ono patsiku, osati ngati wolipidwa. Pabwalo udzagwira ya lodau, ndikubwereka yanga yakale. Ine ndi iwe pakamwa pathu pali malo amodzi."

"Ndiye kuti pamzere ndidzakhalapo?"

"Udzakhalapo."

"Mzere uti, a Mestre?"

"Woyamba. Ukaima kumbuyo kwa Hélder, amayi ako adzangoona ndodo ikuzungulira yokha."

Holo yonse inaseka, ndipo ulendo uno Telmo anamva kuseka kukutuluka mwa iye yemwe, ngakhale kunamupweteka m'mapewa. A Mestre anawomba m'manja kuti aliyense apite pamalo pake. Telmo anavala nsapato zake, n'kudutsa Hélder, n'kudutsa anyamata ena onse ataliatali aja, mpaka kukaima kutsogolo, pakati penipeni, pomwe panalibe munthu woti abisale kumbuyo kwake.