Mundiwolotseko Msewu

Sipanala, makaniko wa pagalaja ya kumsika, anatuluka m'bala anthu atagona kalekale. Galimoto yake inali pakhomo pomwepo, koma makiyi mayi mwini bala anali atawatsekera m'dirowa.

"Mudzatenge mawa, alamu. Lero ikufikitseni miyendo," anatero mayiyo uku akukoka chitseko.

Ananyamuka akutukwana chamumtima, akudzandira uku ndi uku. Nyali za mumsewu zinathera pa sitolo ya matayala, kutsogolo kunali mdima wa ndiweyani. Atafika pamlatho anaona mayi wina ataima m'mbali mwa msewu, tepi yoyezera zovala ili m'khosi, atafungatira diresi loyera laukwati.

"Bambo, mundiwolotseko. Mwana wanga akukwatiwa mawa, diresi lake ndi ili."

"Wolokani, mayi. Mumsewu muli zii, mulibe galimoto."

"Imabwera."

Mayiyo anamugwira mkono. Dzanja lozizira ngati chitsulo chogona panja. Anaponda kamodzi... kawiri... Sipanala ankangomva nsapato zake zokha. Pamzere woyera wa pakati, mayi uja anaima.

"Ine ndimalekezera pano."

Anasendeza nkhope pafupi, namununkhiza. Mutu wake mbali imodzi unali wophwanyika. Wolowa m'kati...

"Fungo la wondigunda uja ndi lomweli. Anatsika, anandiunika ndi tochi. Ndinali ndikupuma, bambo. Ndinamugwira mwendo wa thalauza. Anandichotsa zala chimodzichimodzi, nabwerera m'galimoto."

Mowa wonse unathera pomwepo. Mwadzidzidzi kuwala! Nyali ziwiri zikubwera molunjika, popanda phokoso la injini. Pafupi... pafupi... Anadziponya kumbali. Podzuka, panalibe galimoto. Panalibe mayi.

Analiyatsa liwiro la mtondo wadooka.

Mkazi wake anamutsegulira, namupeza ali wefuwefu, mawondo ali magazi. Sipanala anafotokoza zonse ali chiimire pabalaza. Mkaziyo anamvetsera osamudula, kenako anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Telala ameneyo anaikidwa zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Anagundidwa pamlatho pomwepo, chakudya chaukwati anthu anadyera pamaliro. Woyendetsa sanapezeke."

"Ndiye kwa ine akufunako chiyani?"

Mkaziyo anasuzumira kuchipinda kumene ana anagona, natsitsa mawu.

"Bambo a ana, usiku umenewo munabwera muli thapsa, nyali ya kumanzere itasweka, mukuti mwagunda galu. M'mawa munadzuka osakumbuka kanthu, munakonza galimoto nokha. Ine ndinasunga pakamwa chifukwa cha anawa."

"Anali galu," anatero Sipanala.

"Thalauza lanu ndinachapa ndine. Pamwendo panadindika magazi. Galu alibe zala zisanu."