Duwa la Makoko Pazenera

Bodzalo linatuluka lokha, Salome asanaliganizire n'komwe.

Linali Loweruka masana, m'chipinda cha sukulu ya mkombaphala pa Tsangano, momwe ana ndi makolo ankakumana kupanga zinthu zamanja. Kulowa kunali kwaulere. Lamulo linali limodzi, ndipo Mayi Mervis, mphunzitsi wopuma pantchito amene anayambitsa gululi, analilemba ndi khala pakhoma: chogula sichilowa muno. Choncho anthu ankabwera ndi zimene ena ataya: makatoni a m'magolosale, mapepala a masiwiti, ulusi wosolola kumatumba a feteleza, ndi mbatatesi zoola mbali imodzi zimene ankazisema kukhala zidindo. Tsiku la Anakubala linali litayandikira, ndipo ana ambiri m'chipindamo analibe chogulira chitenje cha amayi awo.

Salome ankatulutsa sizasi m'chikwama pamene duwalo linagwa pansi. Mayi Mervis analitola, n'kulitembenuza m'manja. Linali duwa lofiira, lopangidwa ndi makoko a chimanga, masamba ake opindika bwino ngati langothyoledwa m'munda.

"Wapanga ndani limeneli?" anafunsa.

Maso onse anali pa Salome. Pabenchi yakutsogolo panakhala amayi ake a Chrispine, akudula katoni. Salome akanati anene zoona, akananena pamaso pawo kuti pali munthu amene amamusiyira maluwa mobisa, ndiponso kuti iye ankakhulupirira kuti munthuyo ndi mwana wawo.

"Ndine," anatero.

Mayi Mervis anakondwa kwambiri. Analengeza pomwepo kuti Loweruka lotsatira aliyense abwere ndi makoko a m'nkhokwe, chifukwa Salome adzaphunzitsa mabanja onse kupanga mphatso ya Tsiku la Anakubala. Anthu anaomba m'manja. Salome anamwetulira mokakamiza.

Pobwerera, mnzake Najma, mwana wa eni golosale ya pafupi ndi msika, sanadikire n'komwe kuti afike patali. Anamukumbutsa kuti batani la yunifolomu yake analimanga ndi waya chifukwa kusoka kunamukanika, ndiye duwa lotere akanalipanga ndi manja ati? Salome anamukokera kuseri kwa mulu wa matumba a mbatatesi n'kuulula zonse. Maluwawo anali atatu. Ankawapeza Lolemba lililonse m'mawa, kunja kwa zenera la chipinda chake, atatsindiridwa ndi kamwala kuti mphepo isawatenge. Zeneralo linayang'ana kanjira kamene Chrispine, mnyamata wa Folomu 3, ankadutsa ndi njinga popereka mbatatesi kumsika asanapite kusukulu. Tsiku lina anafika mpaka poliza belu.

"Belu kamodzi, iwe wayamba kale kusankha nyimbo za paukwati," anatero Najma akuseka. Koma ataona nkhope ya mnzake, analonjeza kuti amuthandiza.

Kunyumba Salome analibe womuuza. Bambo ake, a Silvester, ankakhalira kumunda ndi kumsika. Amayi ake anamwalira zaka zitatu zapitazo, ndipo tsopano m'nyumbamo munali a Eliness, amene bambo ake anawakwatira chaka chatha. A Eliness anali munthu wosalankhulalankhula. Salome ankawatcha anti, ndipo akamalankhula nawo ankayang'ana kukhoma. Atamugulira maliboni, iye anakawabweza pabedi pawo. Atamusokera siketi, inakhala m'sutikesi osavalidwa. Sikuti anamulakwira kanthu ayi. Kungoti Salome ankaona ngati akalandira chinthu kuchokera m'manja mwawo, amayi ake am'chithunzi cha pabalaza adzamuyang'ana mwachisoni.

Lamulungu masana anayesa yekha. M'khitchini, pamsomali wa kudenga, munapachikidwa thumba la makoko oyera, ofewa, amene iye ankatapamo m'mawa uliwonse pokoleza mbaula. Anatapa odzaza manja awiri n'kudzitsekera m'chipinda. Khoko lililonse akalipinda linkathetheka n'kung'ambika. Anayesa kulipaka bolopeni yofiira, koma linangooneka ngati lakwandidwa ndi mphaka. Pofika madzulo pansi ponse panali zinyalala, ndipo anakaziponya pamoto.

Lolemba m'mawa anathamangira pazenera. Panali kamwala kokha.

Kusukulu, Najma anatenga limodzi la maluwa aja n'kulinunkhiza, kenako anakhudzitsa lilime. Anati akudziwa kuwawasa kumeneko: chinali chidede, chomwe amayi ake amawiritsa popanga chakumwa. Anawonjezera kuti munthu akagwira madzi a chidede, zala zimakhala zofiira masiku ambiri ngakhale atasamba ndi sopo. Ndiye panalibe chovuta. Angoyang'ana zala za Chrispine, zikapezeka zofiira, Salome achite manyazi kamodzi n'kumupempha kuti amuphunzitse.

Anamupeza Lachiwiri ataweruka, akukonza tcheni cha njinga pafupi ndi chigayo. Najma, wopanda mantha uja, anangomuuza kuti atambasule manja. Chrispine anadabwa koma anatambasula. Anali akuda ndi girisi, zikhadabo zodzaza dothi la kumunda. Kufiira kunalibe ngakhale pang'ono. Najma anamufunsabe ngati amadziwa za maluwa ena ake, ndipo iye anafunsa ngati akunena maluwa a mbatatesi, chifukwa kudimba kwawo anali atayamba kale kutuluka.

"Nanga belu lija unaliza pakhomo pa a Silvester?" anafunsa Najma.

"Mbuzi zawo zimagona panjira," anayankha Chrispine. Kenako anayang'ana Salome mwaulemu. "Kodi ndiwe wa pakhomo pamenepo eti? Uzikazimangako."

Najma anaseka mpaka kugwira khoma la chigayo. Salome sanaseke. Maloto a masabata atatu anathera pa mbuzi, ndipo Loweruka linali likubwerabe.

Kuyambira pamenepo anayamba kuyang'ana manja a aliyense. Anayang'ana a anyamata a m'kalasi mwake, a wogulitsa mandasi pageti, ngakhale a mkulu wa kwaya. Anaona zipsera, inki, mphete ndi zikanga, koma sanaone chala chofiira. Anaganiza zonamizira kudwala. Anaganizanso zopita kwa Mayi Mervis kukaulula, koma akakumbukira mmene anthu anaombera m'manja, ankasintha maganizo.

Lachinayi madzulo, dzuwa likupendeka, analowa m'khitchini kukakoleza mbaula. Anatsitsa thumba lija. Linali litapepuka, makoko atatsala pansi penipeni. Akuti apise dzanja, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Amenewo usiyeko, Salome. Tenga mapepala ali apowa."

A Eliness anali atagwira kukamwa kwa thumbalo, osati molanda, koma ngati munthu wopempha. Salome anatsala pang'ono kuyankha mwamwano kuti makoko si ndiwo. Pofuna kupewa nkhope yawo monga mwa chizolowezi, anagwetsa maso pansi, ndipo maso akewo anagwera pa dzanja lawo. Chala chachikulu ndi cholozera zinali zofiirira m'mbali mwa zikhadabo, kufiira kozilala kwa masiku ambiri.

Manja a anthu a pa Tsangano ponse anali atawayang'ana, kupatula awa amene ankamupatsa madzi osamba tsiku lililonse.

"Ndinu?" anafunsa.

A Eliness anabisa dzanjalo m'chitenje ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Kenako anakhala pampando wa khitchini n'kufotokoza pang'onopang'ono. Anati makokowo anawasankha okha nthawi yokolola, amkati okhaokha, ofewa, chifukwa akunja ndi okhakhala. Luso limeneli anaphunzira ali mtsikana kwawo ku Champiti. Ankaona Salome akutapamo pokoleza moto, koma ankaopa kumuletsa, kuti angaoneke ngati ayamba kulamula m'khitchini ya amayi ake. Lolemba lapitali sanaike duwa chifukwa anapeza makoko atatsala ochepa, ndipo ankafuna kusunga a duwa limodzi lalikulu.

"Nanga bwanji simunangondipatsa m'manja?"

"Ukanalandira?" anafunsa a Eliness. Sanafunse mokwiya. "Ndinaona kuti zochokera m'manja mwanga zimakulemera. Ndiye ndinati zenera lilibe manja."

Salome anakhala pansi, pafupi ndi mbaula yosayaka ija, n'kulira. Analira chifukwa cha makoko onse amene anatentha, chifukwa cha siketi ya m'sutikesi, ndiponso pang'ono chifukwa cha mbuzi zija. Atatonthola anaulula za bodza lake. A Eliness anati anamva kale kuchigayo kuti mwana wa a Silvester ndi katswiri wa maluwa, ndipo anangomwetulira. Anati masiku awiri ndi okwanira. Amuphunzitsa, ndipo palibe amene adzadziwe.

Anayamba pomwepo. Chinsinsi choyamba chinali chaching'ono mochititsa manyazi: khoko louma silipindidwa, limayamba lanyikidwa m'madzi ofunda mpaka lifewe ngati nsalu. Anawiritsa chidede chouma ndi kamchere pang'ono, n'kuviikamo makoko mpaka anafiira. A Eliness anamuonetsa kudula masamba motsata mizere ya khoko, kuwazunguliza pa kamtengo ka nsungwi kuyambira aang'ono, kumanga ndi ulusi wa thumba, ndi kupinda nsonga ndi chikhadabo khokolo lisanaume. Duwa loyamba la Salome linafanana ndi kabichi wodyedwa ndi mbozi. Onse awiri anaseka, ndipo kanali koyamba kuti kuseka kwawo kumveke pamodzi m'nyumba imeneyo.

Lachisanu Salome anapanga lina looneka bwino. A Eliness analiyang'ana n'kunena kuti limenelo akaliike pa chithunzi cha amayi ake, chifukwa duwa loyamba labwino ndi la amene anamubereka. Anatinso duwa lalikulu limene ankasungira makoko lija linali loti likaikidwe pa chithunzi chomwecho. Salome anapita pabalaza n'kulikoleka pakona ya chithunzicho. Anayang'ana nkhope ya amayi ake nthawi yaitali, ndipo sanaonemo chisoni chimene ankachiopa.

Loweruka chipinda chinadzaza mpaka ena anakhala pamawindo. Kunabwera amayi obereka ana kumbuyo, atsikana a kusekondale, amayi ake a Najma ndi mphika wa chidede, ngakhale abambo awiri amene ankati angoperekeza ana koma anali ndi makoko m'matumba a jekete. A Eliness anamusenzera Salome beseni la madzi ofunda, n'kulitula pakhomo, n'kutembenuka kuti azipita.

Mayi Mervis anaitana mphunzitsi wa tsikulo. Salome anaimirira kutsogolo. Zala zake zinali zofiira, njira yonse ankaidziwa, ndipo akanatha kungoyamba, palibe akanamukayikira. Anayang'ana pakhomo n'kuona msana wa a Eliness ukutuluka.

"Sabata yatha ndinanama," anatero. "Duwa lija sindinapange ine. Ine ndaphunzira dzana. Mwini wake ndi awo akutulukawo." Anakweza mawu. "Amayi, bwererani. Anthu akudikira inu."

A Eliness anaima. Anayang'ana kumanzere ndi kumanja, ngati akufuna kuona mayi amene akuitanidwayo. Najma ndi amene anapita kukawagwira dzanja n'kuwabweretsa kutsogolo. Mayi Mervis anamuyang'ana Salome pamwamba pa magalasi kwa kanthawi, kenako anamuuza kuti popeza wadziulula yekha, chilango chake n'kugawa madzi ofunda pabenchi iliyonse ndi kusesa akamaliza. Anthu anaseka, ntchito n'kuyamba. Mawu a a Eliness anayamba motsika, koma pofika pa duwa lachitatu anali akudzudzula abambo aja kuti akumanga ulusi ngati akumanga thumba la mbatatesi. Tsiku limenelo anthu anatuluka ndi maluwa m'manja, ndipo pamsika ponse panadzaza zala zofiira.

Pa Tsiku la Anakubala, a Eliness anadzuka m'mamawa kukatsegula zenera la khitchini. Kunja kwake kunali duwa la makoko, lopendekera mbali imodzi, ulusi ukuonekera, litatsindiridwa ndi kamwala. Analitola mosamala. Salome anali pabwalo akusesa, maso ali pa tsache, ngati sakudziwa kanthu.

"Kodi waonako amene wadutsa kanjira aka?" anafunsa a Eliness.

"Ayi, amayi," anayankha Salome. "Mwina ndi mbuzi."

Anapitiriza kusesa, dzanja limodzi atalibisa kumbuyo.