Chilombo Chopanda Zipi

Mlamu wake wa telala wina ankapanga mafilimu oopsa amene sankaopsa ngakhale khanda. Magazi anali tomato wa m'botolo. Chombo cha kumwamba chinali mabeseni awiri ovundikirana, olendewera pa chingwe chimene aliyense ankachiona. Mufilimu ina mtembo unayetsemula. Anthu ankaonera ndithu, koma kuti aseke, iye n'kumati ndi nsanje chabe. Ankadzitcha Dairekita, dzinalo n'kukhazikika.

Telalayo, mayi wa ana awiri, ndiye ankamusokera zilombo. Sankanyinyirika. Kupinda mathalauza kunkamugwetsa ulesi, pamene chilombo chinkamupatsa zoganiza: mchira ulowe pati, wovalayo apumire pati.

Tsiku lina ankajambula pa fakitale ina yotsekedwa, dzuwa litangolowa. Inali filimu ya zilombo zochokera ku nyenyezi. Wovala chilombo anali mwamuna wa telalayo, bambo wa kamimba, amene anavomera pongotopa ndi kuchonderera kwa mng'ono wake, Dairekitayo. Chovalacho chinali cha siponji ya matiresi akale, chopakidwa penti wobiriwira, maso ake magalasi a tochi.

Dairekita atangoti "Tiyeni!", chilombo chinawerama kuti chigwire munthu, kumbuyo n'kung'ambika, kwee! Kabudula wamizeremizere poyera. Onse anafa nalo phwete.

"Achimwene, pitani kuseri alamu akakusokeni," anatero Dairekita. "Ife tijambule kaye za chombo."

Bambo aja ananyamuka atagwira kumbuyo. Telala anatsala akufufuza singano m'chikwama, kenako anawalondola, tepi yoyezera ili m'khosi, foni ikuunikira njira.

Kuseriko kunali zii. Jenereta inkamveka ngati ili kutsidya. Anachipeza chilombo chitaima pafupi ndi migolo, chitayang'ana kukhoma.

"Ndinakuuzanitu kuti musamawerame, bambo a ana. Ndi mimba imeneyi? Imani choncho."

Anagwada n'kuunika. Pong'ambika panalibe.

Anapapasa kufuna msoko wapakati, umene ankaudziwa kuti ndi wokhota chifukwa siponji inkakana kulowa m'makina. Sanaupeze. Kuyambira m'khosi mpaka kumiyendo kunali see. Zipi panalibe. Fungo la penti panalibenso. Pankamveka kafungo ka chitsulo chonyowa.

Mantha sanabwere msanga. Choyamba kubwera chinali kansanje. Kodi mlamu wapeza telala wina? Ndani angasoke chonchi, osaonetsa polowera singano? Anasendeza nkhope pafupi, n'kukanikiza ndi chala.

Chinali chofunda. Pansi pa khungulo china chake chinasuntha, ngati mmene mwana amagundira m'mimba.

Telala anaimirira. Chinthucho chinatembenuka pang'onopang'ono. Maso ake sanali magalasi a tochi. Anali onyowa, ndipo ankaphethira cham'mbali.

Chinthu chija chinatambasula dzanja la zala zitalizitali, n'kusolola tepi m'khosi mwake mwaulemu. Chinaiyang'anitsitsa. Kenako chinaiyala pamapewa ake, kuchokera uku kufika uku. Chinamukweza mkono, n'kuyeza kuyambira m'khwapa mpaka ku chala. Chinayeza m'chiuno. Chinazunguliza khosi. Chinkachita ndendende mmene iye amachitira ndi makasitomala, mpaka kutsina tepi ndi chikhadabo pamene muyezo wathera. Telala anangozindikira kuti wawongola msana, poti munthu akamayezedwa sapindika.

Pomaliza chinayeza nkhope. Chipumi mpaka chibwano. Khutu mpaka khutu.

"Mayi a ana! Muli kuti kodi?"

Anacheuka. Mwamuna wake ankatulukira mbali ina, mutu wa chilombo uli m'khwapa, thukuta lili kamukamu.

"Ndakudikirani kugeti uko mpaka udzudzu wanditha."

Atayang'ananso kutsogolo, panali migolo yokhayokha. Tepi inali pamwamba pa mgolo, itapindidwa bwino kuposa mmene iye amapindira.

Atawafotokozera, mwamuna wake anati ndi kutopa. Dairekita anangogwira mutu, kudandaula kuti kamera inali kwina. Telala sanatsutsane nawo. Anasoka pong'ambika paja, filimu inatha, anthu anaseka monga mwa masiku onse. Koma iye akakhala pamakina ankangosinkhasinkha. Munthu satenga muyezo wa mnzake popanda choti asoke.

Sipanapite nthawi, wometa tsitsi wa pafupi ndi shopu yake anamudandaulira kuti anamupatsa moni pa siteji ya basi koma sanayankhe. Aphunzitsi a mwana wake wamng'ono anamufunsa chifukwa chake amangoima pampanda wa sukulu osalowa. Telala malo onsewo sanapondeko. Anthu anayamba kunong'onezana. Ena ankati ali ndi mnzake wobadwa naye mapasa amene amamubisa. Ena ankati zilombo zosokasoka zija zamuzunguza mutu.

Madzulo ena mayi woyandikana naye nyumba anabwera kudzatenga siketi yake.

"Masana aja ndinakuonani kumsika, anzanga. Munali inu ndithu, nkhope, diresi, zonse. Kungoti mumayenda ngati khungu likukuthinani m'mapewa."

Telala anaimitsa makina. Tsiku lonse sanatuluke.

"Kumsanaku munaonako msoko?" anafunsa motsitsa mawu.

"Msoko wanji? Ine ndimayang'ana mwanayu. Munamugwira padzanja."

Telala anacheukira pansi pa tebulo. Mwana wake wamkazi anali pompo, yunifolomu ili m'thupi, akusewera ndi tizidutswa ta nsalu, tsaya litatupa ndi switi.

"Wakupatsa ndani switi ameneyo?"

Mwanayo anadabwa, n'kuseka.

"Inuyo amayi. Mwati mawa mudzanditenganso."