Ndani Waba Buledi wa Lóa?

Lóa ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuphikira bambo ake buledi.

Bambo ake anali kunyanja. Ankagwira nsomba m'sitima yaikulu. Anachoka kalekale, udzu usanafote. Tsopano anali pafupi kubwera.

"Sitima ifika mawa madzulo," anatero amayi.

"Buledi ndiphika ndekha," anatero Lóa.

"Wekha? Ndi timanja timeneti?"

"Ndekha!"

Ndikuuzeni, Lóa ndi mwana wa liuma. Akati ndekha, ndi yekhadi.

Anathira ufa. Anathira mkaka. Anathira shuga. Anakanda mpaka manja anatopa. Kenako anaika zonse mumphika wake wofiira.

Kumudzi kwa Lóa, m'dziko la Ayisilandi, buledi wakuda saphika pamoto. Amamukwirira pansi. Kuseri kwa mudzi kuli kaphiri kofuka nthunzi. Nthaka yake ndi yotentha. Banja lililonse lili ndi dzenje lake. Ukakwirira lero, umafukula mawa.

Lóa anakumba. Anaika mphika. Anakwirira. Pamwamba anaikapo mwala woyera.

"Upse bwino, wamva?" ananong'ona.

Chapafupi panali a Torfi, oweta nkhosa. A Torfi ndi aatali. Ndevu zawo zimafika pachifuwa. Sakonda kulankhula. Nawonso ankakwirira buledi wawo.

A Torfi anayang'ana Lóa. Anayang'ana dzenje la Lóa. Lóa sanakonde mayang'anidwe amenewo.

Madzulo akudya, nyumba inagwedezeka pang'ono. Makapu anagundana.

"Kachivomezi chabe," anatero amayi. "Maliza nsomba zako."

Tsiku la sitima linafika. Lóa anavala chipewa. Anavala magolovesi. Anatenga fosholo, ulendo wakukaphiri.

Ha! Mwala woyera unali pambali. Dzenje linali pululu. Mphika munalibe.

"Mayo ine! Buledi wanga!"

Anakumba apa. Palibe. Anakumba apo. Palibe. Mtima unamuwawa kwambiri. Nanga bambo akafika, awapatsa chiyani?

"Pali wakuba," anatero Lóa. "Ndipo ndimugwira."

Anathamangira kunyumba. Anapeza mchimwene wake Flosi akutafuna.

"Flosi, ukudya chiyani?"

"Zikukukhudza?"

"Yasamula!"

Flosi anayasamula. M'kamwa munali nsomba youma.

"Ukundiyesa wakuba ine?" anatero Flosi. "Buledi wakoyo angabe ndani? Ndi galu yemwe angamuthawe."

"Choka iwe!"

Koma mawu oti galu anamupatsa ganizo. Lóa anagwada. Anayang'ana galu wawo m'maso. Anamununkhiza kukamwa. Fuu! Sanali buledi ameneyo.

"Musiye galuyo," anatero amayi. "Unaona kuti galu atanyamula mphika?"

Si Flosi. Si galu. Nanga ndani?

Lóa anakoka Flosi mpaka kukaphiri. Anayang'ana pansi bwinobwino. Pambali pa dzenje panali mapazi. Anali mapazi a nsapato zikuluzikulu.

"Amayi nsapato zawo ndi zazing'ono," anatero Lóa.

"Zanganso," anatero Flosi.

Lóa anatsatira mapazi. Flosi anatsatira Lóa. Mapazi anatsetsereka kaphiri. Anadutsa khola la nkhosa. Anakathera pakhomo pa a Torfi.

"Ndinadziwa!" ananong'ona Lóa. "Dzulo ankayang'ana dzenje langa."

Anasuzumira pawindo. A Torfi anali khale patebulo. M'manja anali ndi mpeni. Patsogolo pawo panali buledi wakuda.

"Uyo! Buledi wanga uyo!"

"Tiye tizipita," anatero Flosi. "Waona mpeniwo?"

Lóa anali ndi mantha. Koma anaganiza za bambo ake. Anagogoda.

"Odi!"

Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Zinayamba kutuluka ndi ndevu.

"Ee?" anatero a Torfi.

"A Torfi, bwezani buledi wanga. Ndi wa bambo anga. Mwaba inuyo."

Flosi anabisala kumbuyo kwa Lóa. Mchimwene wamkulu zedi ameneyo!

A Torfi anatuluka panja. Anayang'ana Lóa. Anayang'ana Flosi. Kenako anatenga fosholo yawo yaitali.

"Tiyeni," anatero.

Anakwera kaphiri. A Torfi patsogolo. Lóa pakati. Flosi m'mbuyo, kutali ndithu.

"Akukatikwirira," ananong'ona Flosi.

"Khala chete!" anatero Lóa. Koma naye ankangoyang'ana fosholo ija.

Anafika pa dzenje la Lóa.

"Vula golovesi," anatero a Torfi. "Pisa dzanja."

Lóa sanafune. Mwina ndi msampha. Koma anavula. Anapisa dzanja m'dzenje.

"Aa! Mukuzizira!"

"Chivomezi chija," anatero a Torfi. "Nthaka ikagwedezeka, kutentha kumasamuka. Ndinabwera madzulo omwewo kudzaona. Dzenje lako linali litayamba kuzizira."

Anapita pa dzenje lawo. Anakumba. Nthunzi inati fwaa! Anakumbanso. Panaoneka kanthu kofiira.

"Mphika wanga!" anakuwa Lóa.

A Torfi anautulutsa. Anavundukula. Fungo linali lokoma kwambiri. Buledi anali wakuda, wofewa, wotentha. Anapsa bwino mpaka m'kati.

Flosi anafika pafupi msangamsanga. Mantha onse anatha.

Koma Lóa anali adakali ndi funso. Anatsinzina diso limodzi.

"Nanga buledi ali patebulo panu uja?"

"Ndi wanga," anatero a Torfi. "Dzenje langa ndi laling'ono. Miphika iwiri singakwane. Ndinachotsa wanga. Ndinaika wako."

"Wanuyo anapsa?"

"Ayi. Ndi phala."

Flosi anaseka mpaka kukhala pansi. Lóa sanaseke. Anachita manyazi kwambiri. Anayang'ana nsapato zake.

"Pepani, a Torfi," anatero. "Ndinakunenani kuti ndinu wakuba."

"Ndinamva," anatero a Torfi.

"Nanga bwanji simunatiuze?"

A Torfi anakanda ndevu.

"Ndimakhala ndi nkhosa. Nkhosa sizifunsa mafunso. Ndinaiwala kuti anthu amafunsa."

Lóa ananyamula mphika. Anaukulunga m'juzi yake. Anayenda pang'onopang'ono kuti usagwe.

Madzulo sitima inafika. Bambo analowa m'nyumba ndi chikwama chawo. Ankanunkha mchere ndi nsomba. Ananyamula Lóa m'mwamba. Ananyamulanso Flosi, ngakhale ndi wolemera.

Amayi anayala patebulo. Anaika batala. Anaika nsomba. Anaika buledi pakati.

"Dikirani!" anatero Lóa. "Musadule."

Anakoka mpando wina. Anatuluka liwiro. Posakhalitsa anabwera atagwira a Torfi dzanja. A Torfi anawerama polowa pakhomo.

Lóa anadula buledi yekha. Woyamba anapatsa bambo ake. Bambo analuma. Anatsinzina. Anatafuna pang'onopang'ono.

"Mmm! Ndinkamulota buledi ameneyu kunyanja kuja. Waphika ndani?"

"Ine," anatero Lóa. "Ine ndi a Torfi."

Bambo anamukumbatira. Mtima wa Lóa unadzaza chimwemwe.

Kenako Lóa anadula buledi wina wamkulu. Anapaka batala wambiri. Anapatsa a Torfi ndi manja awiri.

A Torfi analuma. Anatafuna. Batala anatsalira m'ndevu. Onse anadikira.

"Wakoma?" anafunsa Lóa.

A Torfi anameza. Anayang'ana buledi wotsala patebulo.

"Ndikanadziwa kuti ndi wokoma chonchi," anatero, "ndikanabadi."

Nyumba yonse inaphulika ndi kuseka. Ndipo Lóa anawadulira wina.